Ana a M'khwapa

Lolemba

Tsiku lomaliza lija linalibe chachilendo. Linali Lachiwiri. Ine pampando pakhonde, ndikuwerenga nyuzipepala yakale imene inabwera itakulunga kapenta. Akazi anga a Nabanda atagwada pafupi ndi khoma, akuokera mbande zisanu za matimati m'zitini za mafuta ophikira. Kuno ku Kanyama pansi ndi mwala, khasu ukalimenya limalira ngati belu, choncho dothi ankachita kukatuta kungalande.

Anati, "Poti ntchito inatha, dimba ili ndi lanu. Akakula muzichotsa ana a m'khwapa, apo ayi sabereka." Ndinati eya. Sindinadzutse mutu. Kenako anandipatsa tiyi wopanda shuga, pakuti shuga anali atasowa m'mashopu, ndipo ndinadandaula kuti kapu ikununkha masamba a matimati. Anaseka, napukuta manja pachitenje. Basi. M'mawa mwake mutu, madzulo chipatala. Lolemba lotsatira tinali kumanda.

Papita miyezi iwiri. Lero kalata. Alamu anga a Tiwonenji, akulu awo a Nabanda, afika Lamulungu kuchokera ku Katete kudzagawa katundu wa malemu monga mwa mwambo. Mwambo sindikuutsutsa. Ndangoganiza chabe.

Munthu sangazule mtengo wamoyo kuti atenge beseni. Sangakwerenso basi ya ku Katete atasenza matimati.

Mitengo ija yafika m'chiuno, zitini zaichepera kale. Ndaisamutsa motere:

1. Beseni la maluwa ofiira, la paukwati wathu.
2. Ndowa.
3. Sefuliya yaikulu, ya pa Khirisimasi.
4. Dengu lawo la kumsika.
5. Mtondo wa nsinjiro.

Zovala zipite, sindilimbana nazo. Koma zisanu izi ndizo zinkachita phokoso m'nyumba muno.

Ntchito yanga ndi imodzi: mitengo ikhale yamoyo mpaka Lamulungu. Munthu amene anasunga sitolo ya pafakitale zaka khumi ndi zinayi osataya ngakhale bawuti sangalephere zimenezi.

Lachiwiri

Yonse isanu yaweramitsa mitu. Dzuwa la Okutobala limatuluka litakwiya kale.

Ndidzuka kuti ndikatunge madzi. Ndowa ili ndi matimati. Izi sindinaziganizire.

Ndapita kumpopi ndi ketulo. Pamzere pali ndowa, zigubu, migolo, kenako ine. Mayi wina kumbuyo wauza mnzake kuti "ba tate babwera kumwa tiyi." Ndapita kasanu ndi kawiri. Ulendo wotsatira mpopi wangotsokomola.

Dengu ndi lopanda chinsinsi. Ukathira madzi pamwamba, nthawi yomweyo atuluka pansi, ndi dothi lomwe.

Mitengo yochirikizira kulibe, kamtengo kalikonse m'komboni muno kanapita kale pamoto. Ndazika mthiko, chipande ndi mpini wa khasu. Ambulera ya a Nabanda ndaizika m'ndowa kuti ipereke mthunzi. Pofuna zomangira ndinatulutsa chitenje chawo chakale kuti nding'ambe. Ndachiyang'ana. Ndachipindanso. Ndamangira ndi matayi anga a kuntchito, poti fakitale inatseka ndipo khosi silikuwafunanso.

Bana Mwape, a nyumba yoyandikana nayo, amene amaweta abakha, asuzumira pampanda n'kunena kuti matimati anga akuoneka ngati akukafunsira ntchito m'boma.

Lachitatu

Wa m'dengu wapita. Yatsala inayi. Dengu ndalikutumula, ndalipachika pamsomali wake. Limenelo ndaluza.

Lero ndi tsiku la ana a m'khwapa. Ndakhala panjerwa ola lathunthu kuyang'ana mtengo wa matimati. Uli ndi mutu. Uli ndi manja. Khwapa ndiye pansi pa dzanja. Ndisuzumira pansi pa nthambi, ndipo taonani: timatimati ting'onoting'ono ngati nsawawa, tolendewera pambali pa akuluakulu. Ana! Ndithu tikuyamwa chakudya cha akulu. Nzeru yake yamveka.

Ndathyola tonse. Ndi maluwa achikasu omwe, poti nawonso ndi ana a mawa. Tadzaza kapu.

Ndaonetsa Bana Mwape, monyadira pang'ono. Ayang'ana m'kapumo nthawi yaitali.

"Ba neba, aya ndiye matimati yamene. Bana ba m'khwapa ni aba."

Aloza timphukira totuluka pakati pa thunthu ndi tsamba. Tonse tilipo, tonenepa, tosangalala. Ndinatisiya dala poona kukongola.

Ati ndisadandaule, amuna onse ndi choncho, malemu amuna awo anathirapo palafini munyemba poyesa mafuta. Sizinanditonthoze. Kuyambira lero sindithyolanso kanthu kalikonse.

Ndikukhulupirira kuti tsiku lija a Nabanda ankaloza ndi chala. Kunali kungodzutsa mutu basi.

Lachinayi

Kanyama yense akulira madzi, koma m'sefuliya mwanga muli dziwe. M'beseni chimodzimodzi. Ndatembenuza zitini zakale zija: zonse n'zobooka pansi, mabowo anayi anayi, ofanana. Ndinkayesa ndi dzimbiri. Kani a Nabanda anaboola okha.

Bana Mwape ati ndiboole ndi msomali. Ndakana. Sefuliya imeneyo a Nabanda ankaikwecha ndi phulusa mpaka munthu kudziona nkhope.

Masana ndangotsamira pang'ono. Podzuka ndipeza bakha wamkulu wa Bana Mwape atakhala m'sefuliya ngati bwana m'bafa. Mtengo wathyokera pakati. Tayi yanga yabuluu ili kukamwa kwa bakha wina, akuikoka kupita nayo kwawo.

Ndati, "Chokani." Sindikudziwa chifukwa chake ndamupatsa ulemu.

Madzulo Bana Mwape abweretsa dzira limodzi la bakha lopepesera. Ndakazinga, ndadya. Linali lokoma, ndipo zimenezo zandikwiyitsa.

Yatsala itatu.

Lachisanu

Mphekesera yoti ufa wafika kushopu. Pamzere kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa kupendeka. Ufa watha kutatsala anthu asanu ndi mmodzi patsogolo panga.

Pamzerepo mkulu wina ananena kuti masiku ano ukaona anthu atatu ataima, uimenso kumbuyo kwawo, uzifunsa pambuyo kuti akugulitsa chiyani. Iye anachitapo choncho, ati, n'kupezeka walembetsa kwaya. Ndinaseka. Ndinaisunga nthabwalayo njira yonse kuti ndikawauze a Nabanda, ndikuikonzakonza kuti ikome. Ndakumbukira ndili pachitseko.

Pakhomo padutsa kamvuluvulu. Ambulera yauluka, yagwetsa ndowa, ndipo ili padenga la chimbudzi cha anthu ena. Wa m'ndowa wagona mizu kumwamba, wapsa. Ndakapempha ambulera. Mwini chimbudzi wafunsa ngati ndikudziwa kanthu za mvula kamene iye sakudziwa.

Wa mumtondo wakhala akufa mwakachetechete kuyambira Lachiwiri, osavutitsa munthu. Lero wamaliza.

Watsala umodzi, wa m'beseni.

Ubwino wake, ndowa yabwerera pantchito.

Loweruka

Masamba apansi achita chikasu. Dothi likununkha ngati ngalande. Pamwamba pali thimati limodzi lalikulu, lobiriwira, limene linapulumuka Lachitatu.

Bana Mwape aunguza, agwedeza mutu. "Mufuna beseni olo mufuna matimati? Sankhani chimozi, ba neba. Apa sizafika Mande."

Ndakhala ndi msomali m'manja mpaka mthunzi wa nyumba wafika pampanda. M'beseni ili a Nabanda anasambitsiramo Lute, mwana wathu amene ali kubanja ku Ndola. Ankachapiramo malaya anga. Loweruka ngati lero ankaviikamo mapazi, n'kumandiuza za mitengo ya zinthu kumsika, ine n'kumati eya.

Mtengo ukafa, beseni lipita mawa. Ndikaboola, si beseninso. Ndazungulira nazo nkhani ziwirizi ngati mbuzi yapachingwe. Pomaliza ndakumbukira kuti beseni sanandisiyire mawu. Mawu anasiya pa matimati.

Ndalikhazika panjerwa ziwiri. Ndakhoma. Mabowo anayi, monga ankachitira. Duwa limodzi lofiira lakanganuka. Madzi akuda atuluka pang'onopang'ono, nthawi yaitali. Sindinkadziwa kuti munali ochuluka chotero.

Kenako ndatsuka ndowa, mtondo ndi sefuliya. Sefuliya ndaikwecha ndi phulusa mpaka nkhope yanga yaoneka pang'ono. Nditaiona ndapita kukameta ndevu.

Lamulungu

Alamu afika titangotuluka m'tchalitchi, fumbi mpaka m'nsidze. Kayendedwe ka a Nabanda komweko. Mawu omwewo. Atati "odi" pakhomo ndinachita kugwira mpando.

Talira pang'ono, tapemphera, tamasula mtolo. Zitenje kwa abale a ku Katete. Madiresi awiri ndi nsapato kwa Lute. Duku lobiriwira alamu alisunga okha. Juzi analinunkhiza kaye asanalipinde, ine ndinayang'ana kukhoma.

Sanandifunse za ziwiya. Ndatulutsa ndekha, ndandandalika pakhonde: sefuliya, dengu, mtondo, ambulera, chipande, ndowa. Sefuliya ipita kwa Lute. Dengu kwa Bana Mwape, amene anagona nawo kuchipatala masiku onse aja. Mtondo ndi zinazo ku Katete. Ndowa alamu aikankhira kwa ine ndi phazi, ati nditunga ndi chiyani, ketulo? Kani Bana Mwape anakumana nawo pamsewu, ndipo pofika pakhomo pano anali atamva zonse, mpaka za bakha.

Kenako aima pa beseni. Ayang'ana mtengo. Ayang'ana mthiko wozikidwa m'dothi, ndi tayi yanga yamizeremizere. Awerama, aona mabowo. Ndi atsopano, akuwala, mwana aliyense angadziwe kuti ndi a dzulo. Ndadikira.

"Beseni lobooka ndipita nalo kuti, alamu?"

Ndati kulibe. Ati mthikonso uli pantchito, sachotsa munthu pantchito masiku ano.

Ali chiweramire, akundiuza za mvula imene yachedwa kumudzi, chala chawo chayamba chokha. Chikhadabo pakati pa thunthu ndi tsamba, tswa. Pena, tswa. Osayang'ana n'komwe. Ulendo uno ndinadzutsa mutu. Mwana wa m'khwapa womaliza, wamkulu kuposa onse, anandisiyira, ndipo ndamuthyola ndekha. Ati ndisataye, ndimuzike m'chitini, amamera mizu. "Mng'ono wanga sankataya."

Achoka dzuwa likadalipo, akagona kwa abale ku Matero. Ndawaperekeza mpaka pamsewu, nditasenza mtondo.

M'nyumba mwakula. Pamsomali wa dengu palibe kanthu.

Zotsala:

Matimati ofiira, palibe.
Lobiriwira, limodzi.
Beseni losasunga madzi.
Mthiko, uli pantchito.
M'chitini kamwana kamodzi ka m'khwapa, kaweramitsa mutu. Mwina kadzuka, mwina ayi.

Ndawiritsa tiyi. Shuga kulibe. Sindinasambe m'manja, ndipo kapu ikununkha masamba a matimati. Ndikumwa pang'onopang'ono.