Jogu Wachitatu Alibe Nkhokwe

Lolemba

Watuluka! Jogu wachitatu wa nkhondo ya m'nyenyezi, masewero a pa kompyuta aja, watuluka, ndipo ine, bambo wa mwana wa sukulu, imvi zayamba kale m'ndevu, ndikuvina ndekha kuseri kwa mashelefu a farmasiya, sitolo ya mankhwala momwe ndimagwira ntchito.

Pulani ya sabata ino:
- kutsitsa jogu pa intaneti
- kumuphunzira mwakachetechete
- Lamulungu kusewera ndi mkulu wanga Jaime, amene ndimawatchula kuti mano, iwo ali ku Tete, ine kuno ku Sanjala, m'tauni ya Lichinga

Chifukwa chenicheni ndichilembe, poti palibe awerenge. Chiikireni maliro a bambo, ine ndi mkulu wangayu sitinachezepo. Moni pa foni, kachithunzi ka chala chachikulu, basi. Sitinayambane ayi. Tangosowa poyambira.

Kale poyambira panalipo. Jogu woyamba ndi wachiwiri tinkasewera pa makompyuta awiri olumikiza ndi chingwe, m'kachipinda ka intaneti pafupi ndi msika. Umayamba ndi timaloboti tokumba madzi oundana pa mwezi wa eni ake, kututira m'nkhokwe, kenako n'kumanga mpanda, fakitale ndi zombo. Ife ana a alimi tinaika lamulo lathu: osamenya mnzako nkhokwe zisanadzaze. Ndiye timaloboti tikamatuta, mano ankayankhula, maso ali pa sikirini. Za atsikana, za chifuwa cha bambo. Ngakhale zoti akupita ku migodi anandiuzira pomwepo. Munthu uja ukamuyang'ana kumaso sayankhula.

Ndawalembera. Ayankha ndi chala chachikulu. Ndikuchitenga ngati inde.

Lachiwiri

Jogu ameneyu ndi njovu! Woyamba ankakwana pa disku imodzi yogula pamsika, malo n'kutsalako. Uyu wameza mamega a mwezi wonse ndipo akuti sanafike n'pakati pomwe.

Magetsi athima. Ayaka. Wayambiranso pachiyambi.

Akazi anga, amayi a Zinha, manja m'chiuno: "Mamega onse mwadyetsa zilombo za kumwamba? Nanga ntchito ya kusukulu ya mwana tifufuzira pa mbaula?"

Ndapita nayo kompyuta ku ntchito, ndaibisa pansi pa makatoni a mankhwala a chifuwa kuti izimwa intaneti ya abwana. Abwana akudandaula kuti lero rede, intanetiyo, ikuyenda ngati nkhono. Ndikudandaula nawo.

Lachitatu

Walowa! Kompyuta ikulira ngati chigayo ndipo ikutentha moti ndikuothera manja. Ndi kuzizira kwa Lichinga kuno, limeneli ndi phindu loyamba.

Kukongola kokha, ayi, tisanamizane. Fumbi la pa mwezi likuuluka, zombo zili ndi zithunzithunzi zake, msilikali ukamuyandikira ukuona mpaka thukuta. Mu woyamba msilikali anali kadontho kokhala ndi miyendo.

Koma ndafufuza paliponse:
- timaloboti totuta palibe
- nkhokwe palibe
- mpanda sumanga
- madzi oundana amangolowa okha ngati malipiro a bwana

Amangokupatsa kazembe wamkazi wa diso lachitsulo ndi gulu lake, n'kukukankhira kunkhondo. Kazembeyo pakamwa satseka. Mu wachiwiri kaloboti kankangoti "pii" ukakatuma, ndipo tinkamvana bwinobwino.

Ndikudzilimbitsa mtima kuti mwina nkhokwe zili kutsogolo.

Lachinayi

Kutsogolo kulibe nkhokwe.

Ndayesa kusewera ndi anthu a pa intaneti. Wina wa dzina la manambala okhaokha wandifikira ndisanapeze n'komwe batani loyendera. Ndamulembera m'Chipwitikizi kuti adikire kaye, sindinakonzeke. Wayankha ndi nkhope yoseka, n'kundiphulitsa. Ndaika madzi a tiyi pamoto poyamba nkhondo, yatha asanawire.

Kunena chilungamo, zina akonza. Mu wachiwiri akasinja ankapanikizana pa mlatho ngati mbuzi pakhomo la khola, iwe kukuwa, iwo kuzungulira pomwepo. Pano amadutsa mwaulemu. Koma pa mlatho umenewo m'pamene mano ankaseka mpaka kugwetsa mpando, mwini kachipinda n'kutiopseza kuti atithamangitsa. Ndikulakalaka mbuzi zanga.

Vuto ndi ili: nkhondo yotha madzi asanawire, munthu ngati mano angayambe liti kuyankhula? Iwo amafuna nthawi yaitali yopanda chochitika.

Pulani yatsopano: kubwerera ku akale. Madisku ali penapake m'nyumba muno.

Lachisanu

Ndagwetsa nyumba yonse. Zomwe ndapeza:
- chaja ya foni yomwe inabedwa kalekale
- chipewa cha bambo (ndakhala nacho pansi kanthawi)
- mabokosi a madisku, onse awiri opanda kanthu

Wachiwiri wapezeka pakhoma. Zinha anamudula ndi sizasi, ndiye mphete ya dziko lina pa chithunzi chake cha dzuwa ndi maiko. Aphunzitsi anamuyamikira kwambiri, akuti. Ndayang'ana nthawi yaitali. Bola wafera kwawo, m'nyenyezi.

Woyamba? Amayi a Zinha, osatembenuka n'komwe: "Kagalasi kaja? Ndinapatsa apongozi chaka chatha, akuopsezera mbalame."

Mawa kwa mayi ku Chimbonila!

Loweruka

Shapa, minibasi ya kuno, yodzaza, thumba la mbatatesi la munthu wina pamiyendo panga njira yonse.

Ndamupeza. Jogu woyamba, amene anatilera ine ndi mano, akulendewera pa nsungwi pakati pa mapira a mayi, akuzungulira ndi mphepo, kuthwanima. Mbalame zikumuopa zedi.

Mayi: "Chimenechi chikugwira ntchito tsopano. Kwa inu chinkangokukhalitsani pansi."

Ndamangirira pepala lonyezimira la bisiketi m'malo mwake. Mayi sakukhutira. Pondiperekeza akufunsa ngati ndimayankhula ndi Jaime. Ndati inde. Akuti Jaime akawaimbira amangofunsa za mvula, mwezi uno wopanda mvula.

Kunyumba ndatsuka disku ndi sopo, ndaipukuta ndi malaya a ku tchalitchi. Ndatembenuza kompyuta kufuna polowetsa. Mbali iyi palibe. Mbali inayo palibe. Kompyuta za masiku ano zilibe polowetsa disku! Ndakhala nayo zaka kompyuta imeneyi osazindikira.

Ndipo ngakhale pakanakhala, woyamba amafuna chingwe. Chingwe chochoka ku Sanjala mpaka ku Tete. Zimenezi ndikuziganiza tsopano, nditabwerako ku Chimbonila.

Lamulungu

Tikuweruka ku tchalitchi, uthenga wa mano: "Ndalowa." Mawu enieni, osati chala! Ndathamanga, jekete osavula.

Wachitatu yemweyo, nanga n'kutani. Chabwino chake chimodzi, muli poyankhulirana. Ndikumva mpweya wawo m'makutu mwanga, ndi fani ikuzungulira kumbuyo, poti kwawoko n'kotentha.

"Iwe, nkhokwe zili kuti?"

Ndawauza kuti kulibe.

"Nanga lamulo lija?"

Ndati lamulo ndi lamulo. Ndiye tangoima. Gulu lawo uko, langa kuno, fumbi lokongola lija likuuluka pakati. Kazembe wa diso lachitsulo akukalipa kuti tiukire. Ife phee. Afunsa za mapira a mayi. Ndawauza za disku, aseka, ndipo ndamva mpando wawo ukusuntha. Kenako chete wautali, uja ndimamudziwa.

"Ukudziwa, tsiku lija la maliro, ine chimene ndinachokera msanga..."

Sikirini yada. Uthenga wofiira: mwachotsedwa chifukwa chosasewera.

Jogu ameneyu salola anthu kungokhala.

Ndaimba foni pompo. "Aa, palibe kanthu, tidzakamba. Moni kwa alamu." Pa foni ndi munthu wina, ndinadziwa kale.

Basi. Kompyuta ikuzizira, manja anganso. Disku ndiibweza kwa mayi Loweruka, mbalame zisamalize mapira.

Madzulo ano foni yalira. Mano: "Wachiwiri anali bwino."

Ndalemba yankho lalitali, za mlatho, za chipewa cha bambo, zoti ndawasowa. Ndafufuta. Ndalembanso, ndafufutanso.

Ndatumiza chala chachikulu.