Lata Loonekera la Amake Tisa

Mukadzafika kwathu ku Sinda, nkhani ya denga musaiyambe. Amake Tisa amaseka mpaka misozi, ndipo wosekedwayo ndine.

Akazi angawa ndi atelala, koma maso ayamba kuwavuta. Chipinda chosokeramo chinali chamdima, moti polowetsa ulusi pasingano ankachita kutulukira pakhomo. Zinkandikhudza. Tsono mu Juni ndinapita ku Katete kukagula lata loonekera lija, la pulasitiki yosakaniza ndi ulusi wa galasi, kuti dzuwa liziwapeza pamakina pomwepo.

A Mbewe, mmisiri amene anatikhomera denga, anandichenjeza mwendo umodzi uli panjinga. "Mabowo akule pang'ono kuposa msomali, ndipo musathinitse. Kukatentha chimenechi chimatambasuka kuposa malata anzake. Chisiyireni popumira."

Pakamwa ndinati eya, mumtima ndikuti, bowo lalikulu padenga? (Paja ine ndine wowerenga. Buku la sayansi la mwana wathu Tisa ndinaliwerenga mpaka pamene chiswe chinalekezera.) Ndinakwera ndekha m'mawa kukuzizira, n'kukhoma misomali kuti nga nga nga, ina yowonjezera mwachikondi.

Miyezi itatu ndinkayenda ngati ndamanga mlatho. Amake Tisa ankasoka akung'ung'udza nyimbo, kuwala kuli mbee pamanja pawo.

Okutobala atafika, denga linayamba kuyankhula masana: tha! tha!

"Atate ake Tisa, lata lanu likulira."

"Likukhazikika limenelo," ndinayankha ngati ndikudziwa.

Chikhalirecho linkafuna kudziwongola, misomali yanga ikukana. Linatupa pakati, kenako ming'alu inazungulira msomali uliwonse. Ndinamata phula la njuchi; linasungunuka n'kudonthera pamakina. Ndinamata sopo. (Musandifunse tsamba lomwe ndinaziwerengapo.)

Mvula yoyamba inagwa Lachisanu ife tili kumunda. Patebulo panali mabulauzi oyera a amayi a kutchalitchi, oti avale Lamulungu. Sopo anachita ntchito yake: anatsuka fumbi lonse la chilimwe n'kulitsitsira pamabulauzipo. Tinawapeza ali psuu.

Amake Tisa anatola bulauzi imodzi n'kuifinya, n'kutolanso ina. Bola akanakalipa.

"Mawa ndilichotsa," ndinatero chapansipansi. "Ndibwezerapo lata lakale."

"Mukachotsa ndiziona ndi chiyani?" Ananditambasulira zala zawo. "Taonani, chiyambire Juni sindinadzibayepo ndi singano. Kaguleni lina. Koma akhome a Mbewe, inu muzigwira makwerero."

Loweruka lonse tinali pachitsime awiriwiri, iwo akuchapa ine ndikutsukuluza, amayi odutsa akundipatsa moni waulemu wokayikitsa. Mabulauzi anayera, kupatula imodzi, imene amake Tisa anasinthanitsa ndi yawo.

A Mbewe anakhoma latsopano ndi mabowo ake otakasuka, ndipo silidontha. Ndaphunzira kuti chinthu ukachikonda usachipanikize. Komabe atangokwera njinga, hamala ndinapita nayo kwa amake Tisa kuti andibisire, chifukwa msomali wakumapeto uja ukuoneka wokhwepa ndithu.