Marola a Nangozo

Mwambi uwu, ana inu, unayamba motere. Ena adzakuuzani kuti unachokera kwa munthu wofula njuchi m'thengo. Amenewo musalimbane nawo, ku Balaka sanakhaleko. Ine ndayenda, ndagona m'masiteshoni ambiri kuposa m'nyumba, ndipo nkhaniyi ndinaitola pomwe inagwera.

Masiku amenewo, sitima ikadali sitima, kuseri kwa siteshoni ya Balaka kunkakhala mkulu wina wokonza mawotchi, dzina lake Yotamu Kalilangwe. Lusolo sanaphunzitsidwe ndi munthu. Ali mnyamata anaphwasula wotchi ya amalume ake, nakwapulidwa, n'kuibwezera yekha mpaka inayendanso. Kuyambira pamenepo ankati chopangidwa ndi manja chimamveka ndi manja, kufunsa n'kwa aulesi. Anasocherapo tsiku lathunthu mu Limbe, akudutsana ndi anthu miyandamiyanda, osatsegulako pakamwa. Ndiye anthu anamupatsa dzina loti Safunsa, iye n'kumavomera monyadira.

Mkazi wake anali Nangozo, ndipo Balaka yense ankamudziwa ndi tsitsi. Sankaliwotcha ndi chipeso chamoto ngati anzake ayi, linali lachibadwa, lambiri, lakuda bii. Lachisanu lililonse ankalichapa, kuligawa timagawo, kulidzola phula losakaniza ndi mafuta a nsatsi, n'kukulunga kagawo kalikonse pa marola, timipukutu topotera tsitsi, amene mkulu wake anamutumizira kuchokera ku Bulawayo. Likauma padzuwa n'kumasula marolawo, tsitsi linkagwa mopotanapotana ngati timanja ta dzungu. Lamulungu akalowa m'tchalitchi, amuna a kwaya ankasokoneza vesi.

Kenako matenda anafika osagogoda. Tsiku lina akusinja anangogwa, ndipo podzuka mbali yonse yakumanja inali itafa. Mawunso anathawa, n'kumusiyira amodzi okha: "Ayi." Akafuna madzi, ayi. Akamva kuwawa, ayi. Akakondwa, ayinso. Mwana wawo Filesi anapeza njira. Ankagwira dzanja lamanzere la mayi ake n'kuwafunsa. Akafinya ndiye kuti inde, akapanda kufinya ndiye kuti ayi weniweni. Anayesa kuphunzitsa bambo ake, koma Safunsa anakana.

"Zaka makumi atatu ndakhala nawo amako. Ndiwafunse chiyani chomwe sindikuchidziwa?"

Musaganize kuti anali woipa mtima. Ankamusambitsa yekha, kumudyetsa yekha, kumunyamula kupita naye padzuwa. Koma tsitsi lija analibisa m'duku, ndipo linakhala momwemo miyezi isanu ndi itatu. Obwera kudzazonda ankamulankhulira Nangozo pamwamba ngati kulibe, akumati, "Koma mayiyu anali mkazi!" Iye akumva.

Ndiye unafika ukwati wa Filesi, Loweruka lina mu Juni. Kutatsala masiku atatu, Nangozo anayamba kuloza pansi pa bedi. Filesi anakoka kachitini ka marola aja, nagwira dzanja la mayi ake.

"Amayi, mukufuna mupite ku ukwati opanda duku? Tsitsi lanu ngati kale?"

Nangozo anafinya mpaka zala za mwanayo zinalira. Ankafuna kuti tsiku limodzi lokha anthu amuone iyeyo, asaone matenda.

Lachisanu m'mawa azakhali anabwera kudzatenga Filesi kupita naye kuchilangizo. Potuluka anati, "Ababa, mai Nachisale abwera kudzakonza tsitsi la amayi. Ndawauza kale. Inu musavutike."

Nachisale anali woyandikana nawo, wogulitsa zitumbuwa, mnzake wa Nangozo wa ponda apa nane ndipondepo. Atafika ndi chipeso chake anapeza Safunsa watseka khomo ndi thupi, mphuno ili piriwiri ndi chimfine.

"Odi, bambo a Filesi. Ndabwerera mutu wa mnzanga."

"Mutuwo uli ndi mwini wake, mayi."

"Inu? Marola munawagwirapo?"

"Ndawaona zaka makumi atatu. Kupota tsitsi n'chimodzimodzi kupota sipuling'i ya wotchi. Ndimaika kasipuling'i kochepa ngati nsidze ya udzudzu, ndilephere tsitsi?"

"Wotchi silira ikamakokedwa, bambo. Ndiloleni ndingokuonetsani botolo la mafuta."

"Mabotolo a m'nyumba mwanga ndiuzidwe ndi a zitumbuwa? Pitani, mafuta anu akupsa."

Nachisale anaomba m'manja kamodzi. "Chabwino, a Safunsa. Ndili kuseriku. Mukangoti 'mai Nachisale', ndafika."

Zoona zake, ana inu, sikunali kunyada kokha. Miyezi yonseyo Safunsa analephera kukonza chinthu chimodzi chimene ankafunitsitsa kukonza. Tsitsili ankati n'lake, mphatso yake kwa mkazi wake.

Anatenthetsa madzi, nalichapa tsitsilo mosamala, nalipesa kuyambira kunsonga monga ankaonera. Mpaka apa zonse zinayenda. Tsopano m'nyumbamo munali mabotolo awiri ofanana, akale a jamu. Lina linali la phula lija la tsitsi, lina la uchi wothira m'phala la wodwala. Kuzizira kwa Juni kunali kutaumitsa uchiwo, ndiye onse awiri anali achikasu, olimba chimodzimodzi. Filesi anali ataika uchi pawindo pafupi ndi bedi, pambali pa kalilole, kuti azifikira msanga, ndipo la phula analichotsa n'kukaliika pashelefu kukhitchini.

Safunsa anaganiza ngati wamawotchi: chokhala pafupi ndi kalilole n'cha tsitsi, chokhala kukhitchini n'chakudya. Kununkhiza sakanatha, mphuno zitatsekeka. Anatenga la pawindo.

Nangozo ataona botololo anatong'ola maso. "Ayi."

"Eya, tayamba tsopano, make Filesi."

"Ayi! Ayi!"

"Ndikudziwa mwakondwa. Dekhani."

Mayiyo anatambasula dzanja lamanzere, chikhato chili m'mwamba, kudikira funso. Safunsa analibwezera pamwendo mwachikondi, nalisisita.

Anagawa tsitsi ndi kansonga ka chipeso, mizere yowongoka ngati njanji. Kagawo kalikonse anakapaka uchi wokwanira, kukapota, kukakulunga pa rola kuchokera kunsonga mpaka kutsinde, n'kubaya pini. Zala zinkamatirira, iye n'kumati, "Mankhwala amphamvu awa, n'chifukwa chake linkagwira sabata yathunthu." Marola makumi anayi ndi awiri anakhala pamutupo m'mizere, ndipo kunena zoona, ngakhale Nangozo sanawaikepo mokongola chotero. Misozi ya mkazi wake ataiona, nayenso misozi inalengeza m'maso. Ankati n'chimwemwe.

Anamunyamula ndi mpando womwe n'kukamukhazika padzuwa, pafupi ndi mtengo wa mango umene unali utachita maluwa.

"Muume bwino. Mawa akwaya asokonezanso vesi."

Atatero analowa kukhitchini kukadzithokoza. Anathira tiyi, nadula buledi, natenga botolo la pashelefu. Munthu wagwira ntchito, anatero mumtima, uchi usachepe. Anakumba chimbulu chachikulu ndi mpeni, nachikanikizira pabuledi, n'kuluma kukamwa kodzaza.

Anatafuna. Anatafunanso. Uchiwo sunasungunuke. Anamwera tiyi wotentha, ndiye zinthu zinafewa, n'kulowa paliponse pamene panali mpata, m'mano, m'nkhama, kumwamba kwa kamwa. Atapuma mpweya wozizira, zonse zinagwirana. Pamenepo lilime linamuuza zimene mphuno inabisa: kuwawa kwa nsatsi.

Anaima, kapu ili m'manja. Ngati ili ndi phula, nanga pamutu paja pali chiyani?

Kunja kunamveka kulira kwa njuchi.

Anapeza Nangozo ali chikhalire pomwe anamusiya. Njuchi za m'maluwa a mango zinali zitatsika zonse, marola osaonekanso. Nyerere zinali zitakwera ndi miyendo ya mpando, mzere wina kukhosi, wina kuseri kwa khutu. Uchi wosungunuka ndi dzuwa unkayenderera pamphumi. Mayiyo sankatha kuthawa, sankatha kudzikanda. Ankangonena motsitsa, ngati pemphero, "Ayi, ayi, ayi."

Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake, Safunsa anafuna kuitana munthu. Anatembenukira kumpanda kuti akuwe "mai Nachisale!" Chimene chinatuluka ndi "Mmmm! Nnnngaa!" Nsagwada zinali zitamatana. Nachisale kuseriko anamva, koma anayesa mbuzi ya eni yakodwa pachingwe.

Anakupiza ndi malaya, njuchi zinakwiya. Imodzi inaluma Nangozo pachikope, ina pakhutu. Anayesa kumasula rola, tsitsi linakanirira. Anathamangira pathebulo lake la ntchito, natenga sizasi, n'kuyamba kudula. Rola lililonse ankalidulira patsinde n'kuliponya kutali kuti njuchi zilitsatire. Makumi anayi ndi awiri onse.

Rola limodzi linagwera kuseri kwa mpanda, m'lichero la zitumbuwa. Nachisale atalitola n'kuona tsitsi la mnzake litakulungidwa pamenepo, anabwera chothamanga, chitenje chili m'manja. Anaima pakati pa bwalo. Anayang'ana mutu wa Nangozo, wa zigambazigamba ngati munda wodyedwa ndi ng'ombe. Ananyambita chala chimene chinagwira rola.

"Uchi? Bambo a Filesi, uchi? Uchitu umachoka ndi madzi ofunda! Ndowa imodzi yokha! Tikanachapa, tikanayambiranso, dzuwa likadalipo. Mwadulira chiyani?"

Safunsa anangoti, "Mmmm."

"Yankhani! Pakamwapo mwaikapo chiyani?"

Anamutsegula kukamwa ndi supuni, ngati mwana wokana mankhwala. Ataona phulalo anafuna kuseka, kuseka n'kusanduka kulira, nakhala pansi n'kukumbatira miyendo ya mnzake.

Panalibenso chochita koma kumeta zotsalazo ndi lezala. Nachisale ankameta akulira, poti kwathu kuno mutu umametedwa chotero pakagwa maliro. Nangozo sananenenso ayi. Anangoyang'ana marola ali mbwee pabwalo, nyerere zikugawana tsitsi lake.

Mawa lake anapita ku ukwati atavala duku, diso limodzi litatupa. Anthu anamulankhulira pamwamba monga mwa masiku onse. "Koma mayiyu anali mkazi! Mukukumbukira tsitsi lija?" Mphepo itakankha dukulo pang'ono, mayi wina ananong'oneza mnzake, "Ameta maliro a ndani pa ukwati wa mwana?" Bambo wa mkwatibwi sanalankhule pa phwandolo. Mafuta a nsatsi anali atayamba ntchito yake m'mimba, ndipo mphatso zambiri zinaperekedwa iye ali kuseri.

Madzulo alendo atabalalika, Safunsa anagwada pafupi ndi mpando wa mkazi wake. Anatenga dzanja lija lamanzere, mosadziwa kagwiridwe kake.

"Make Filesi," anatero, mawu akutuluka movutika ngati chitseko chadzimbiri, "kodi mundikhululukira?"

Nangozo anamuyang'ana nthawi yaitali. "Ayi."

Iye anadikira dzanja. Zala zinagwedezeka pang'ono, koma kaya kunali kufinya, kaya kunjenjemera kwa kutopa, sanathe kusiyanitsa. Filesi, wodziwa kumasulira, anali atapita kwa mwamuna wake.

"Ayi wake uti, Nangozo? Ayi wake uti?"

Mvula yoyamba isanagwe Nangozo anamwalira, tsitsi lisanafike poti n'kugwira rola.

Ine mkuluyo ndinakumana naye patapita zaka, pa siteshoni ya Nkaya, tonse tikudikira sitima yochedwa. Mawotchi anali atasiya. Anali nkhalamba yofunsa chilichonse. Anandifunsa ngati benchi n'lokhalapo, ngati sitima ya ku Salima imapitadi ku Salima. Nditamugawira chinangwa chophika, anachitembenuza uku ndi uku.

"Pepani achimwene, kodi chimenechi n'chiyani?"

"N'chinangwatu, bambo. Simukuchiona?"

"Ndikuchiona. N'chodya?"

Ndinaseka. "Koma inu, mpaka chinangwa kufunsa?"

Sanakwiye. Anandifotokozera zonse ndakuuzanizi, mwadongosolo, osadzichepetsera mlandu ngakhale pang'ono. Atamaliza analuma chinangwa chija, natafuna pang'onopang'ono ndi mano ake otsala, nati:

"Sekani, achimwene, nanenso ndikanaseka. Koma muzifunsa. Safunsa adadya phula."