Bwemba Wanga ndi Mafuta a m'Chigubu

Lolemba

Dziko lidziwe, ndipo amene sanamve afunse anzake: ine amene ndinafika Sitandade 6 osalira, amene ndinapha nsomba ku chilumba cha Mbenji mpaka msana unakana, lero ndasankhidwa kukhala mtetezi wa nkhalango zonse za pansi pano. Wondisankha ndine ndemwe. Wotsutsa panalibe.

Zayambira pa foni ya mkamwini wanga. Akundionetsa nkhalango ya kutali, kutsidya kwa nyanja zamchere, ikugwetsedwa kuti adzalemo kanjedza. Akuti mafuta ophikira a m'chigubu, aja amagona m'botolo kukazizira, ambiri amachokera kumeneko. Pa mtengo umodzi wotsala pakhala nyani wofiira, wokalamba, akuyang'ana utsi. Nkhope yake ngati yanga ndithu. Apa sindikuseka.

Ndalamula kuti mafuta amenewo asalowenso pakhomo pano.

Akazi anga, Abiti Saidi, amakazinga utaka n'kukagulitsa pa doko. Andimvetsera mpaka ndamaliza. Kenako akuti: "Chabwino, bambo a Mariamu. Nsomba yosakazinga imawambidwa. Kuwamba kumafuna nkhuni zenizeni, osati zitsononkho zimene ndimasonkhera pa chiwaya. Ndipo mtengo pano ndi umodzi."

Akunena bwemba wanga wa pabwalo. Malemu bambo anga ankasokera ukonde pansi pake. Mbali yonse ino mtengo waukulu wotsala ndi womwewu.

Ndalumbira kawiri: mafuta ayi, kukhudza bwemba ayi.

Lachiwiri

Nzeru zandipeza ndili pa mphasa. Ngati mafuta amatuluka mu kanjedza, ife tili ndi migwalangwa kuseri kwa mudzi, yomera yokha, yosagwetsa nkhalango ya munthu. Zaka zonsezi anthu akungoipala ndi mano. Umbuli!

Ndatola thumba lodzaza. Ndanyika m'madzi kuti ifewe.

Utaka wa lero wayanikidwa pa thandala. Dzuwa kulibe, mitambo yokhayokha. Abiti Saidi akuyang'ana kumwamba, kenako ine, kenako kumwambanso.

Lachitatu

Tsiku loyenga mafuta. Migwalangwa sinafewe. Ndaithira mu mtondo, ndakweza munsi ndi Bismillah. Munsi wabwerera, pang'onong'ono undichotse dzino lotsala.

Zimene ndakolola: ulusi, thukuta, chithuza m'dzanja, mtondo wong'aluka pakati. Mafuta ngakhale opaka pamlomo palibe.

A Bwanali, oyandikana nafe, asuzumira pa mpanda: "Achimwene, mwapeza ganyu yoswa miyala ya msewu?"

Mkamwini akuti kanjedza wake si ameneyu, uja amabala tizipatso tofiira, ndipo kuno kwathu amaoneka cha ku Karonga. Bwanji osanena Lolemba? Akuti sindinafunse.

Mtondowo Abiti Saidi anasiyiridwa ndi amayi awo. Sanakalipe. Atola zidutswa ziwirizo, aziika pafupi ndi uvuni wowambira. Kukalipa kukanakhala bwino.

Utaka wayamba kulankhula. Ntchentche zikuvomera.

Lachinayi

Tawamba. Zalowa pamoto: mtondo uja, thabwa la bwato langa lakale, mpini wa khasu, mpando wa alendo. Alendo azikhala pansi, si mafumu.

Masana ndapita kukafuna nkhuni. Ndayenda mpaka mawondo ayamba kuyankhulana. Zitsa zokhazokha, ndipo zina anakumba kale ndi mizu yomwe. Mitengo yeniyeni ili kosungira nyama zakutchire ku Kuti, mkati mwa mpanda, ndipo ndi bwino ikhale momwemo.

Ndili mwana, malo omwewa amayi ankatiletsa kudutsa tokha. Mikuyu, mibawa, misangu, mdima masana. Nguluwe zinkatsikira kumadzi. Lero ndaima pamenepo ndikuona denga la mzikiti wa mudzi wachitatu, popanda chonditchinga. Nkhalango iyi inatha ndi mauvuni a nsomba, njerwa ndi makala, mtolo umodziumodzi. Palibe anaijambula pa foni.

Ndabwerako ndi tinkhuni tokwana m'khwapa. Nkhuku zandiyang'ana.

Lachisanu

Msodzi amene amapatsa Abiti Saidi nsomba m'mawa uliwonse samva za nkhalango. Ukakana tsiku limodzi, mawa amapatsa mayi wina, basi malo ako apita. Choncho nsomba zafika, nkhuni palibe.

Pochokera ku mzikiti ku mapemphero a Juma ndakhala pansi n'kuweruza mlandu ndekha. Nthambi youma si mtengo. Ndi nkhuni imene yachedwa kugwa. Ndakowola zouma zonse za bwemba ndi nsungwi. Kenako ina imene inkaoneka kuti ili ndi maganizo ouma.

Lumbiro likadali chilili, langotsamira pang'ono.

Ku doko zinthu sizinayende. Anyamata a maboti amafuna chotentha, chonona, chodya ataimirira. Mmodzi akuti: "Mayi, za mafuta zija zili kuti? Izi n'zopita nazo kwa apongozi." Apita pa chiwaya cha mayi wina.

Abiti Saidi pobwera anena mawu awa okha: "Mawa msodzi uja akubweretsa milamba." Mlamba suwambidwa ndi tinthambi.

Loweruka

Mwera waomba m'mamawa, woopsa, sindinauonepo chibadwire. Wathyola nthambi yaikulu ya bwemba, ya kumadzi, ija bambo ankapachikapo ukonde. Chifuniro cha Allah. Ine ndingatani? Poti yagwa yokha, kuisiya kuti idyedwe ndi chiswe ndi tchimo.

Ndaiwaza. Nkhuni yaiwisi imafuka utsi wabwino, milamba yatuluka yofiirira, yonunkhira mpaka kumsewu. Amayi a ku Salima boma agula yonse. Mafuta a m'chigubu sanalowe pakhomo pano sabata yathunthu. Ndapambana.

Abiti Saidi aima nthawi yaitali pansi pa mtengo, akuyang'ana bala. Akuti: "Mphepo yake yodula mosalala."

Ine ndangotsokomola. Ndinali ndi chifuwa cha utsi.

Lamulungu

Ndayala mphasa pamalo anga a masiku onse. Dzuwa lili pamutu. Ndasuntha. Lili pomwepo. Mthunzi watsala mbali imodzi, ndipo nkhuku zafika kale.

Bala la mtengo likutuluka madzi. Ndalimata ndi dothi lonyowa, monga ankachitira bambo. Nthambi ngati ija imatenga moyo wa munthu kuti ikule. Ine sindidzaiona, Mariamu mwina.

Abiti Saidi afunsa ali chotembenuka, akutsuka chiwaya: "Mawa tiwambe, kapena tikazinge?"

Ndawerenga nthambi zotsala ndi maso. Sizingafike mwezi wa mawa.

Ndatenga botolo ndekha, ndapita pa okala. Mnyamata wogulitsa wapendeketsa chigubu, mafuta akutsika mwaulesi chifukwa cha kuzizira. Ndikudziwa kumene achokera, ndikudziwa chimene chinagwa kuti afike kuno. Ndalipira. Mitengo iwiri, wakutali ndi wapakhomo, ine manja anga akwanira umodzi, ndiponso mochedwa. Udindo uja ndautula. Wolandira panalibe.

Botolo ndaliika pakhomo la khitchini. Abiti Saidi alitenga, ndipo andibweretsera tiyi pamthunzi wotsalawo, atathamangitsa nkhuku.

Chimodzi ndikonze ndisanatseke. Dzulo mwera kunalibe. Nyanja inagona ngati mphasa tsiku lonse. Nkhwangwa inali yanga, ndipo ndinayamba ndainola.