Mahatchi a eni m'munda wa maluwa

Anzanga a ku Fereej Bin Omran, kuno ku Doha, anasiya kunditchula dzina langa. Ndikangofika Lachisanu, tsiku lathu lopuma, wina amayamba kulira ngati hatchi, ena n'kufuula kuti, "Abusa a mahatchi afika!" Ndiye ndati nkhaniyi ndiifotokoze ndekha, chifukwa pakamwa pa iwowo yanenepa mopitirira muyezo.

Ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Al Duhail. Dzuwa la kuno likafika poti geti likuwotcha dzanja, Madamu ndi ana awo amathawira ku Mangalande. Chaka chatha anasankha ine kuti ndipite nawo. Kontirakiti yanga inali pafupi kutha, ndipo anali asananene ngati andisainitsa ina. "Tikaonera ku ulendoku, inshallah, Mulungu akalola," anatero. Ine ndili ndi ana awiri pasukulu ku Dedza, choncho ndinalumbira kuti ndikaonetsa nzeru zanga zonse (kulumbira kumeneko n'kumene kunandipweteka).

Tinachita lendi kanyumba m'kati mwa nkhalango yotetezedwa ndi boma. Mwini wake anali mayi wachikulire wachingelezi wa nyumba yoyandikana, ndipo kuseli kunali munda wake wa maluwa umene ankausamala ngati khanda. Mitengo ya kumeneko ndi yamakedzana, thunthu loti simungalikumbatire ngakhale mutagwirana manja banja lonse. Nkhuni zouma zili mbwee pansi, wotola palibe. Mtima unkandiwawa, koma ndinapirira.

Chimene sindinathe kupirira ndi mahatchi. Aafupiafupi, mimba zili tutumu, tsitsi lophimba maso, akungoyendayenda pamsewu opanda chingwe, opanda mbusa.

Mundimvetse, ine ndinakulira kumbuyo kwa ng'ombe za bambo anga. Lamulo lawo linali lakuti ukapeza chiweto cha mnzako chikusochera, usachipitirire. Chitsekere m'khola lako, uchipatse madzi, mwini wake adzachipeze chamoyo. Wochilambalala ankamutcha wouma mtima.

M'mawa wina Madamu anatenga ana kupita m'tauni, ine n'kundisiyira zovala zoti ndisite. Nditasuzumira pawindo ndinaona mahatchi aima pakona penipeni pa msewu, ina ili ndi kamwana ka miyendo yonjenjemera. Galimoto ina inangodutsa kuti fyuu, pafupi ndi kamwanako. Ndinazimitsa simbi n'kumanga chitenje.

Kuwakusa sikunavute, luso silichoka m'manja. Vuto linali pageti lalikulu. Pansi pake anayalapo zitsulo zotalikirana pamwamba pa dzenje, ndipo mahatchi atafika pamenepo anakana kwamtuwagalu. Munthu woganiza akanadzifunsa kuti zitsulozo anaziyalira chiyani. Ine ndinangoti amisiri a kuno ntchito sakuidziwa. Ndinatsegula kageti ka m'mbali, kolowera anthu, n'kukatenga makaroti a Madamu m'firiji. Karoti kutsogolo, kaluzu ka kwathu pakamwa, onse analowa mondondozana. Ndinatseka kageti, kuwaikira beseni la madzi, n'kubwerera kukasita ndikuimba nyimbo ya kwaya (ndinkaona kale kontirakiti ija itasainidwa).

Chinanditulutsa ndi mfuu. Mayi wachingelezi uja ali pakageti, manja ali kumutu. Maluwa onse psiti, patsala timitengo. Hatchi ina yalowetsa mutu pawindo la khitchini ikutafuna buledi, inzake ikukoka abaya, mkanjo wakuda wa Madamu, pachingwe choyanikira. Nthawi yomweyo galimoto ya Madamu inatulukira.

"Watsegula ndani?" anafunsa Madamu.

"Ndine, Madamu. Amasochera. Ndawasungira eni ake."

Mayi uja anafotokoza kuti mahatchiwo eni ake alipodi, koma nkhalango yonseyo ndiye khola lawo kuyambira nthawi ya makolo. Mipanda ndi zitsulo zija anaikira kuti asalowe m'minda. Anawonjezera kuti kuwadyetsa n'koletsedwa. Apo n'kuti karoti wotsala akusuzumira m'thumba la epuloni yanga.

Madamu sanakalipe. Anangoti, "Khalas, basi, lowa m'nyumba." Amene munagwirapo ntchito ya m'nyumba mukudziwa kuti kuli bwino kukalipiridwa. Ndinalongedza chikwama ndikulira. Ndinkaganiza kuti ana anga ndikawauza chiyani, kuti mayi awo ntchito yawathera pa hatchi?

Madzulo anandiitanira kukhitchini.

"Khala pansi. Unaganiza chiyani kwenikweni?"

Ndinawauza za bambo anga ndi lamulo lawo. Anandiyang'ana kanthawi, kenako anaphulika kuseka mpaka misozi.

"Wallah, agogo anga aamuna anali chimodzimodzi! Ngamila yosochera ankayamba aimwetsa asanamwe okha. Akanakhala pano bwenzi atakugwirira geti."

M'mawa mwake tinagwada m'dothi tonse awiri, Madamu atavala magolovesi, kudzala maluwa atsopano, mwini munda akutilozera pokumba. Pomaliza anatiphikira tiyi, ngakhale kageti kaja anali atakaika loko wamkulu. Kontirakiti ndinasainira titabwerera ku Doha. Madamu amenewa ndimawakonda, ndisabise.

Mwezi watha tinkapita kuchipululu ndi ana a Madamu, akuyendetsa Bambo Mvula, dalaivala wathu wa ku Mzimba. M'mbali mwa msewu munali ngamila zikuyenda zokhazokha, ina ikukoka chingwe choduka. Ndinangomva zitseko zonse kuti khwatya.

"Achemwali, khazikikani," anatero Bambo Mvula akundiyang'ana pagalasi. "Ndi oda ya Madamu. Akuti tikangoona chiweto, ndiziloka."

Ana anafa nazo kuseka. Ine ndinati zimenezo ndinasiya kalekale, ndinaphunzira. Koma dzanja langa linali kale pachogwirira chitseko, ndipo mpaka lero ndimadzifunsa kuti ngamila ya chingwe ija inakagona kwa yani.