Mota ya Alamu ndi Mafuta a Nkhumba

Lolemba

Kwazizira. Mame ali mbuu pa kachewere, zala sizikupinda. Mwana wathu Zeka akutsokomola pang'ono, amake akuti ndi utsi chabe.

Vuto langa lili kuseri kwa nyumba, lafunda mphasa. Mota, njinga yamoto ya alamu anga a Domingo, achimwene ake a mkazi wanga, aja ogwira ntchito kuchipatala. Apita ku Tete ndi magalimoto a asilikali, akuti abwera chisanu chikatha. Pondisiyira mawu ndi awiri: "Alamu, isachite dzimbiri, ndipo asaione." Sanatchule ndani. Tonse tikudziwa. Anthu amfuti akapeza njinga yamoto pakhomo amati pano pali munthu wa boma, nyumba amayatsa.

Ine wa boma? Sukulu ndinalekera segunda, kalasi yachiwiri.

Zochita, monga anandiuzira:
kukhuthula gazolina, petulo wake
kuchotsa bateriya
kupaka olyo tcheni ndi zitsulo zonse
kukulunga m'masaka
kubisa pouma

Ntchito yochepa. Pofika Lachitatu mtima ukhala pansi.

Lachiwiri

Gazolina ali m'botolo. Bateriya ili pakona. Dzenje ndakumba pansi pa mpichesi, m'munda wa kachewere.

Olyo kulibe! Ku Tsangano m'sitolo mulibe ngakhale mchere, ndipo msewu wa ku Ntengo-Wambalame sindiuponda masiku ano. Mwayi, a Kandulu oyandikana nafe apha nkhumba, andigawirako mafuta. Mafuta ndi mafuta basi. Ndasungunula m'phale, ndapaka tcheni, masipoko, injini, paliponse. Mota ikunyezimira ngati mwana wopita ku ubatizo.

Amake Zeka ali chilili, manja m'chiuno: "Mafuta onsewo adye chitsulo, ife mpiru wa madzi okha?"

Ndakulunga, ndatsitsa, ndakwirira, pamwamba ndaunda mizere ngati ndabzala. Palibe angadziwe.

Lachitatu

Agalu!

A mudzi wonse, ndi ena achilendo oti sindinawaonepo. Akhala mozungulira mpichesi ngati pali mlandu. Ndikuwagenda, akuthawa pang'ono, akubwerera. Wina wofiira wafukula mpaka galasi latulukira. Likuwala padzuwa, phee, kuloza kuphiri komwe amatsikira anthu aja. Ndaliponda ndi dothi msanga.

A Kandulu podutsa: "Achimwene, mwaika ndani osatiuza maliro?"

Ndaseka. Phazi sindinachotse pamene pali galasi.

Masana kwamveka kuphulika, kutali, mbali ya ku Macanga. Nkhuku zili duu. Amake Zeka ayamba kumanga katundu wothawira: bulangeti, poto, ufa pang'ono. Ine ndatha tsiku ndikulondera agalu ndi chibonga.

Lachinayi

Ndafukula. Linthumbu! Lakuda bii, tcheni yonse, m'masaka, mpaka m'buluku mwanga. Ndavina osafuna. Ndathira gazolina kuti lithawe. Lathawa. Gazolina nayenso watha.

Nzeru yachiwiri: kumasula. Mota yamphumphu imaoneka, zidutswa sizioneka. Injini ndi chitsulo chachikulu chogwira zonse ndaziika m'khola la mbuzi, pansi pa manyowa. Zina zonse zikufuna pouma, ndipo nyumba youma ya chitseko cholimba pano ndi imodzi: ya apongozi.

Ine mkamwini m'menemo sindilowa. Ngakhale kumaso sindiwayang'ana. Ndiye amake Zeka ndi amene akusenza, zidutswa pansi pa dengu, kachewere pamwamba, Zeka kumsana. Ndawauza zokanena: pouma, pamwamba, osakhudza.

Abwerako akuti, "Amayi alandira."

Maparafuzo onse, ndiye mabauti, ndathira m'chitini chimodzi. Ili linali pati, ilo linali pati, mutu sukugwiranso. Zioneka.

Lachisanu

Ndikudutsa pabwalo la apongozi chapatali, maso pansi monga mwa ulemu. Koma maso a pansi amaonanso.

Chishalo: akhalapo pakhonde, achifunditsa nsanza. Akuti pansi pakuwazizira msana.
Tcheni: yamanga mbuzi pamtengo.
Thanki: muli nyemba za mbewu. Akuti fungo limenelo anankafumbwe salowa.
Chubu: adula timalamba, agawira amayi tomangira mitolo yothawira. Wathu nawo wamangidwa ndi komweko!
Gudumu lakutsogolo: lili kwa a Kandulu, akupanga ngolo yamanja. Bateriya yatsatira konko, akuti wayilesi yawo inafa kalekale.
Galasi: likuyenda nyumba ndi nyumba.

Ndatuma amake Zeka akanene mwaulemu kuti izi ndi za mwini wake. Yankho labwera msanga: "Akuti mwini wakeyo anamubala ndi iwo. Akuti inu mudandaule za denga lawo lomwe simunafolere."

Ndanjuta kutali, ndawomba m'manja. "Zikomo amayi."

Mudzi wonse tsopano ukudziwa. Pakamwa pa anthu sipakwiririka ngati dzenje.

Loweruka

Afika m'mawa, dzuwa lisanathetse mame. Ena yunifomu, ena malaya wamba, onse mfuti. A mbali iti sindikudziwa, ndipo sindifunsa. Zeka ali kumsana kwa amake, ine mumtima ndikupempha asatsokomole.

Mkulu wawo: "Tamva kuti pano pali mota."

Agalu aja akadali pampichesi, ndiye asilikali aloza pomwepo, andipatsa khasu langa lomwe. Ndikukumba. Masaka okha, onunkha nkhumba.

"Nyama yake ili kuti?"

Ndati inatha, bwana.

Atitengera tonse kubwalo la apongozi. Mkulu uja wayang'ana pokhala, wakhala pa nsanza zija. Pa chishalo! Akudzinyekulira, akuti kampando aka nkabwino. Ine thukuta m'chisanu chonsechi.

Wafunsanso za mota, tsopano kwa apongozi. Iwo osatembenuka n'komwe: "Mota? Uyu? Anabwera pano ndi khasu lobwereka, mwana wanga ndinachita kumupatsa ngati ndikutaya. Denga langa ili likudontha, iye tsiku lonse kusewera ndi agalu. Mukaipeza mota yake mundiitane, ndivine."

Aseka onse, mpaka wina mfuti yatsala pang'ono kugwa. Ine ndagwada, maso pansi. Chipongwe chotere chikadandiwawa sabata yatha. Lero chikukoma ngati uchi.

Atenga nkhuku, atenga nyama yotsala ya a Kandulu. Atenganso mbuzi ya apongozi, akuikoka ndi tcheni yomweyo mpaka kuphiri.

Nyumba ili chilili. Zeka watsokomola iwo atalowa kale m'mitengo. Mwana wanzeru.

Lamulungu

Kutchalitchi anthu ochepa. Amayi onse nkhope zosalala, galasi lagwira ntchito.

Apongozi atumiza mawu: mbuzi inapita chifukwa cha mota, ndiye mkamwini aganizepo. Ndi denga. Mawa ndiyamba kumweta udzu.

A Kandulu adutsa ndi ngolo yawo, yodzaza kachewere. Ikuyenda bwino kwambiri, gudumu silikulira n'komwe. Mafuta a nkhumba aja.

Alamu anati isachite dzimbiri, asaione. Sanaione. Ngakhale ine sindikuiona. Chisanu chikatha ndidzayenda nawo mudzi wonse khomo ndi khomo, kuwaonetsa mota yawo. Za tcheni adzafunse okha kuphiri.

Changa chatsala chimodzi, shavi, kiyi yolizira mota. Inali m'thumba sabata yonse. Ndaipukuta, ndaikulunga m'kansanza, ndaisomeka kudenga pouma.

Mafuta sindinapake.