Mmene Ndinatalikitsira Sabata ya Alimi

Mpaka lero anzanga amene tinkaphunzira limodzi akandiona amafunsa ngati sabata ya kwathu ku Magodi idakali yaitali kuposa ya anthu ena. Ndimaseka nawo, nanga nditani, koma tsiku limene zinachitikalo ndinasowa kolowera.

Ndine mphunzitsi wa pulayimale, mayi wa ana atatu, ndipo nditakula kale ndinaganiza zochita digiri yophunzira uli kunyumba. Chaka chomaliza pamafunika kafukufuku. Anzanga anasindikiza mapepala a mafunso n'kumazungulira midzi pa njinga. Ine wochenjerane (ndimadziona choncho) ndinamva kuti boma limayenda kale m'makomo kufunsa anthu za ntchito zawo, ndipo ophunzira amaloledwa kugwiritsa ntchito mayankhowo. Ndiye ndivutikirenji ndi fumbi komanso agalu a eni? Ndinasankha kufufuza maola amene alimi aakazi a m'chigawo cha Kum'mawa amagwira ntchito pa sabata.

A Dokota, mphunzitsi wa ku yunivesite amene ankayang'anira kafukufuku wanga, anandiuza zinthu ziwiri pa foni. Choyamba, akapanda kusaina lipoti langa mwezi usanathe, gauni ya digiri ndidzavala chaka chinacho. Chachiwiri anachita kubwereza: "Madamu, musanagwile manambala, muwelenge kabuku kamene kabwela nayo."

Loweruka ndinakwera minibasi kupita ku boma ku Lundazi, kumene netiweki imagwira bwino. Mafayilo a boma amene ndinakopera pa intaneti anali awiri. Yoyamba inali tebulo la mayankho, lalitali moti chala chinatopa ndisanafike pansi. Yachiwiri inali kabuku kaja. Ukabuku wake unali wa dzina lokha. Nditaona kuchuluka kwa masamba ndinati aka ndidzawerenga ndikadzapuma pa ntchito. (Ndine yemweyo amene ndimakalipira ana a giredi seveni kuti aziwerenga malangizo asanayambe mayeso.)

Akazi, akumidzi ndi alimi ndinawasankha mosavuta, chifukwa zimenezo zinalembedwa m'mawu. Mzere wa maola ndinaupezanso ndekha. M'menemo munali 30, 45, 20, ndipo apa ndi apo 999. Sindinadabwe nazo. Ndinauza laputopu kuti iphatikize onse n'kugawa ndi chiwerengero cha anthu, ndipo inandipatsa 240.

Mtima wanga unadzaza. Ndinaganiza za amayi anga ku Mwase, amene amachoka kumunda wa mtedza n'kulowa wa fodya osakhala pansi. Pomwepo ndinawaimbira.

"Amama, boma lalemba kuti mumagwila nchito maola 240 pa sabata."

"Yewo, mwana wane," anatero. "Aona tsopano. Nanga msana uwu ungawawe chabe?"

Kunyumba amuna anga anasuzumira pa laputopu n'kukanda mutu. "Amake mwana, nambala iyi siinakuleko pang'ono?"

"Ndiye vuto lanu amuna limenelo," ndinawayankha. "Nchito ya mkazi mumaiona ngati maseŵela."

Anatenga njinga n'kupita kukaona ng'ombe, ine ndinalemba masamba atatu odzudzula amuna a chigawo chonse. Ndinalemba ndi ukali, ndipo kunena zoona ndinasangalala nawo masamba amenewo.

Tsiku lofotokoza zimene tapeza linafika. Tinalumikizana pa vidiyo, a Dokota ndi ophunzira tonse, ine ndili mu ofesi ya ahedi nditavala chitenje chatsopano. Nambala yanga ndinaitchula mokweza, kenako ndinaima kaye kuti iwalowe.

A Dokota anavula magalasi. "Madamu, muphunzitsa giledi bwanji?"

"Seveni, a Dokota."

"Na masamu muphunzitsa?"

"Kwambili."

"Tsiku lili na maola angati?"

"Twente folo."

"Nanga masiku seveni?"

Ndinayamba kuwerengera ndikumwetulira. Pofika pa 168 kumwetulira kunali kutathawa. Kenako mnzathu wina anayatsa maikolofoni yake n'kunena kuti, "Kapena ku Magodi dzuŵa sililoŵa." Anthu anaseka mpaka zithunzi zawo kugwedezeka. Ahedi, amene ndinawaitana ndekha kuti adzaone mphunzitsi wawo akuwala, anatuluka mwakachetechete ngati aitanidwa panja.

A Dokota anafotokoza modekha, ndipo kudekhako ndi kumene kunandipweteka. Munthu akakana kuyankha kapena akati sakudziwa, ofunsa mafunso sasiya malo opanda kanthu, amalemba nambala yapadera ngati 999. Zonsezi zinali m'kabuku kaja. Ine ndinatenga amayi onse amene anati "kaya" n'kuwagwiritsa ntchito maola 999 aliyense.

"Nikupatsani mpaka pa Cisanu," anatero. "Mukalephela, tizaonana caka camawa."

Mantha anandigwira zenizeni, chifukwa ana anga anali atauza kale mudzi wonse kuti amayi awo avala gauni. Ndinatsegula kabukuko, ndinapeza tsamba la maola, ndinachotsa ma 999 onse. Nambala inatsika n'kufika pa maola a munthu wokhala ndi mafupa. Amayi akumidzi anapezekabe kuti amagwira ntchito kwambiri, koma masamba atatu aja ndinawafupikitsa n'kukhala ndime imodzi yaulemu. Amuna anga anangoyamba kuimba mluzu nthawi iliyonse akadutsa pafupi ndi laputopu. Lachinayi ndinatumiza lipoti, kabuku ndinatseka.

Lachisanu m'mawa foni inalira ndili m'kalasi.

"Madamu, maola ali bwino manje," anatero a Dokota. Ndinapuma. "Koma pa tebulo ya zaka, mlimi wanu wamkulu ali na zaka 998. Akali kulima?"

Ndinatuluka panja kuti ana asaone nkhope yanga. Ndinapempha kuti andidikire mpaka madzulo, ndinatsegulanso kabuku, ndinapeza tsamba la zaka, ndipo agogo a zaka 998 aja ndinawapumitsa. A Dokota anasaina tsiku lomaliza la mwezi.

Gauni ndinavala, chithunzi chili pakhoma. Kabuku kaja ndinawerengamo masamba awiri, la maola ndi la zaka. Lipoti langa lili mu laibulale ya yunivesite, ndipo muli tebulo lina la chiwerengero cha anthu a pakhomo limene a Dokota sanaliyang'anitsitse. Ndimangopemphera kuti pasapezeke munthu wolitsegula.